Mafunso ndi mayankho okhudza mapulaneti, miyezi ndi zina zozungulira dzuwa

Awa ndi mafunso amene anthu amabwereza kawirikawiri akayang'ana kumwamba usiku kapena akamva nkhani za zombo zopita mumlengalenga. Tayamba ndi osavuta, ozama ali kumapeto.

Kodi ndi zinthu ziti zimene zimazungulira dzuwa?

Pali mapulaneti 8, miyezi yawo yomwe ilipo mazana angapo, timapulaneti ngati Pluto ndi Ceres, miyala mamiliyoni ambiri, nyenyezi za mchira komanso fumbi. Zikumveka zambiri, koma pa kulemera kwa zonsezi pamodzi ndi dzuwa, dzuwa lokha limatenga 99.8 peresenti. Pa kochepa kotsalako, gawo lalikulu ndi la Jupiter, yomwe imalemera kuposa kuwirikiza kawiri mapulaneti ena onse ataphatikizidwa.

Pulaneti limasiyana bwanji ndi nyenyezi?

Nyenyezi imatulutsa yokha kuwala ndi kutentha. Dzuwa lathuli ndi nyenyezi, kungoti lili pafupi. Pakatikati pake pamatentha madigiri pafupifupi 15 miliyoni, ndipo pamenepo mpweya wa haidirojeni umasanduka wa hiliyamu n'kutulutsa mphamvu imene timaimva pakhungu masana. Pulaneti siliyaka. Limangobweza kuwala kwa dzuwa kumene kwaliwomba.

Ndi maso anu mukhoza kuzisiyanitsa. Nyenyezi zimathwanima, pamene kuwala kwa pulaneti nthawi zambiri kumakhala kokhazikika. Ndiponso mukamaliyang'ana kwa milungu ingapo, mudzaona kuti lasuntha pakati pa nyenyezi zoyandikana nalo, nyenyezizo zili pomwe zinali.

Mapulaneti 8 aja ndi ati?

Kuyambira kufupi ndi dzuwa: Mercury, Venus, dziko lapansi, Mars, Jupiter, Saturn, Uranus ndi Neptune. Anayi oyambirirawo ndi aang'ono, a miyala ndi zitsulo, ali ndi nthaka yoti chombo n'kuterapo. Jupiter ndi Saturn ndi akuluakulu kwambiri ndipo mbali yaikulu ndi haidirojeni ndi hiliyamu. Uranus ndi Neptune ndi apakati, okhala ndi madzi, amoniya ndi methane wambiri m'kati mwawo.

Chaka cha pulaneti ndi nthawi imene limatenga kuti lizungulire dzuwa kamodzi. Cha Mercury ndi masiku athu 88, cha Mars 687, cha Jupiter zaka zathu pafupifupi 12, cha Saturn 29, cha Uranus 84. Neptune imatenga zaka 165, moti chiitulukireni mu 1846 yangomaliza ulendo umodzi wokha, mu 2011.

Zonsezi zinayamba bwanji?

Funso ili ndi limene limatsegula mafunso ena ambiri a m'munsimu, choncho ndi bwino kulimvetsa.

Zaka pafupifupi 4.6 biliyoni zapitazo panali chimtambo chachikulu cha mpweya ndi fumbi. Mphamvu yokoka, imene chinthu chilichonse cholemera chili nayo, inayamba kuchiunjika pakati. Chimtambocho chinali chikuzungulira kale pang'onopang'ono, ndipo pamene chinkachepa chinkazungulira mofulumira mpaka chinaphwatalala. Pakati, pomwe zinthu zinapanikizana kwambiri, panayaka dzuwa. M'mbali monsemo fumbi linkagundana n'kumamatirana, timibulu n'kukhala miyala, miyala n'kukhala zimiyala zokoka zinzake, mpaka mapulaneti.

Kufupi ndi dzuwa kunali kotentha moti zimene zikanauma n'kugwirana zinali miyala ndi zitsulo zokha, ndipo zimenezi zinali zochepa. N'chifukwa chake mapulaneti a kumeneko ndi aang'ono. Kupitirira Mars kunali kozizira, madzi ankaundana, ndipo madzi oundanawo analipo ochuluka zedi. Mapulaneti a kumeneko anakula msanga mpaka kukhala ndi mphamvu yokokera mpweya wambiri usanabalalike.

Umboni wake uli poyera. Mapulaneti onse 8 amazungulira dzuwa kulowera mbali imodzi, ndipo njira zawo zili pafupifupi pamzere umodzi wophwatalala, monga mmene chimtambo chija chinalili. Zaka zija nazonso si zongoganizira. Asayansi amaziyeza m'miyala yakale kwambiri yogwa kuchokera mumlengalenga, poona mmene tizinthu tina ta m'kati mwake tasinthira m'kupita kwa nthawi.

N'chifukwa chiyani mapulaneti sagwera padzuwa ngati limawakoka?

Kunena zoona amakhala akugwa nthawi zonse, koma akuthamanganso cham'mbali mofulumira kwambiri moti amaliphonya. Dziko lathu limayenda makilomita pafupifupi 30 pa sekondi iliyonse. Likanaima, likanagwera padzuwa. Dzuwa likanasiya kulikoka, likanapitirira molunjika osabwereranso. Ziwirizi zikakumana, njira yake imapindika n'kukhala yozungulira. Mumlengalenga mulibe mpweya woti n'kulibweza, n'chifukwa chake liwiro limene linatengera kuchimtambo chija lidakalipo. Isaac Newton ndi amene anafotokoza zimenezi ndi masamu mu 1687.

Kodi mapulaneti atalikirana bwanji? Pazithunzi amaoneka ngati ali pafupipafupi.

Zithunzi za m'mabuku zimatipusitsa, chifukwa palibe tsamba limene lingakwanire mtunda weniweni. Kuchokera kuno kukafika kudzuwa ndi makilomita pafupifupi 150 miliyoni, ndipo kuwala kumatenga mphindi 8 ndi masekondi 20. Neptune ili pamtunda wa makilomita 4.5 biliyoni, kuwala kumafikako patapita maola oposa anayi.

Tiyerekeze kuti dzuwa ndi mpira wosewera wa miyendo. Dziko lapansi lingakhale kanjere ka mamilimita awiri, pamtunda wa mamita 24. Jupiter ingakhale ya masentimita awiri, pamtunda wa mamita oposa 120. Neptune ingakhale pamtunda woposa mamita 700. Pakati ponsepo palibe chilichonse choti maso n'kuona. Ndipo mpira wina wotsatira, kutanthauza nyenyezi ya Proxima Centauri yomwe ndi yapafupi kwambiri, ungakhale pamtunda woposa makilomita 6,000.

Pulaneti lotentha kwambiri ndi Mercury, si choncho?

Ayi, ndi Venus, ngakhale kuti Mercury ndi imene ili pafupi ndi dzuwa. Mercury ilibe mpweya woiphimba, choncho masana imafika madigiri 430 koma usiku kutenthako kumathawa, n'kuzizira mpaka madigiri 180 pansi pa ziro. Venus yakutidwa ndi mpweya wochindikala wa kaboni dayokisaidi umene umalowetsa kutentha koma osakutulutsa. Pamakhala madigiri pafupifupi 465 usana ndi usiku womwe, kutentha kosungunula mtovu. Mpweyawo umapanikiza kuwirikiza ka 90 poyerekeza ndi wathu. Chombo cha Soviet Union cha Venera 13 chinatera kumeneko mu 1982, n'kutumiza zithunzi za miyala yaphanthiphanthi, ndipo chinagwira ntchito mphindi 127 zokha.

Venus ndi nthanda ija imene imawala kum'mawa m'bandakucha. Ndi yomweyonso imene miyezi ina imaoneka kumadzulo dzuwa litangolowa. Imazungulira payokha mobwerera m'mbuyo, ndiponso mwaulesi, moti imatenga masiku athu 243 kuti itembenuke kamodzi, pamene kuzungulira dzuwa imatenga masiku 225.

Pluto inalakwa chiyani kuti ichotsedwe pa mapulaneti?

Pluto sinasinthe. Chimene chinasintha ndi zimene tikudziwa za dera lomwe ili. Clyde Tombaugh ataitulukira mu 1930, anthu ankaganiza kuti ili yokha kumeneko. Kuyambira mu 1992 akatswiri a zakuthambo anayamba kupeza zinthu zina zambiri za madzi oundana kupitirira Neptune, m'dera lotchedwa Kuiper Belt. Mu 2005 anapeza Eris, yomwe ndi yaikulu pafupifupi ngati Pluto ndipo imalemera kuiposa. Apa zinavuta: kapena Eris ndi zinzake zikhale mapulaneti, kapena Pluto ituluke.

Mu Ogasiti 2006, bungwe la International Astronomical Union litakumana ku Prague, linagwirizana mfundo zitatu. Pulaneti liyenera kuzungulira dzuwa, likhale lolemera mokwanira kuti mphamvu yake yokoka ilibulungize, ndiponso likhale litasesa kapena kugonjetsa zinthu zina za m'njira yake. Pluto imakwanitsa ziwiri zoyambazo, yachitatu ayi. Inaikidwa m'gulu la timapulaneti, limodzi ndi Eris, Ceres, Haumea ndi Makemake.

Akatswiri ena mpaka lero sagwirizana ndi mfundo yachitatuyo, koma ine ndimaona kuti chigamulocho chinali chomveka. Zoterezi zinachitikapo kale ndi Ceres, imene inkawerengedwa ngati pulaneti itatulukiridwa mu 1801, mpaka miyala ina yambiri itapezeka m'dera lake la pakati pa Mars ndi Jupiter. Ndipo dzina latsopanolo silinachotse kukongola kwa Pluto. Chombo cha New Horizons chitaidutsa pa 14 Julayi 2015, chinajambula mapiri ataliatali a madzi oundana ndi chigwa chachikulu chosalala cha naitirojeni woundana, chopanda zipsera za miyala yogwa, kusonyeza kuti nthaka yake ikusinthabe mpaka pano.

N'chifukwa chiyani mwezi umasintha maonekedwe? Kodi ndi chithunzithunzi cha dziko?

Si chithunzithunzi cha dziko. Nthawi zonse theka la mwezi limawombedwa ndi dzuwa, theka linalo lili mumdima. Pamene mwezi ukuzungulira dziko, ife timaona gawo losiyanasiyana la theka lowalalo. Ukakhala mbali ya dzuwa, kowalako kumatifulatira ndipo sitiuona. Ukakhala mbali inayo, umaoneka wathunthu. Kuchoka pa mwezi watsopano kufika pa wina pamadutsa masiku 29 ndi theka.

Chithunzithunzi chimagwira ntchito pa kadamsana. Mwezi ukadutsa pakati penipeni pa ife ndi dzuwa, umaliphimba. Dziko likakhala pakati, mwezi umada kapena kufiira. Sizichitika mwezi uliwonse chifukwa njira ya mwezi inapendekeka ndi madigiri pafupifupi 5, ndiye nthawi zambiri umadutsa pamwamba kapena pansi pa mzerewo. Chochititsa chidwi n'chakuti dzuwa ndi lalikulu kuwirikiza ka 400 kuposa mwezi, komanso lili kutali kuwirikiza ka 400, n'chifukwa chake mwezi umatha kuliphimba ndendende.

Nanga bwanji timangoona mbali imodzi ya mwezi?

Mwezi umatembenuka kamodzi pa nthawi yofanana ndi imene umazungulira dziko kamodzi, masiku 27.3. Kukoka kwa dziko ndi kumene kunauchedwetsa mpaka kufika potero, ndipo miyezi ikuluikulu ya mapulaneti ena nayonso imachita chimodzimodzi. Mbali inayo si yamdima, dzuwa limawalako bwinobwino. Anthu anaiona koyamba pazithunzi za chombo cha Luna 3 mu 1959, ndipo chombo cha China cha Chang'e 4 chinali choyamba kuterako mu 2019.

Mwezi uli pamtunda wa makilomita pafupifupi 384,400 ndipo ukutalikira ndi masentimita 3.8 chaka chilichonse. Izi amaziyeza powombera kuwala kwa laser pa magalasi amene anthu a zombo za Apollo anasiya kumeneko. Anthu 12 anapondapo pamwezi pakati pa 1969 ndi 1972.

Kodi mapulaneti ena nawonso ali ndi miyezi?

Mercury ndi Venus zilibe. Mars ili ndi iwiri ing'onoing'ono, Phobos ndi Deimos. Jupiter ili ndi yoposa 90, Saturn yoposa 270, ndipo chiwerengerochi chimakwera akamapeza ina. Yambiri ndi timiyala ta makilomita ochepa. Koma ingapo ndi maiko enieni, ndipo kwa ine imaposa mapulaneti ena kusangalatsa.

Galileo Galilei anaona miyezi inayi ikuluikulu ya Jupiter mu Januwale 1610, ndipo zimenezi zinasonyeza kuti si zonse zakumwamba zimazungulira dziko lapansi. Ganymede, umodzi mwa inayiyo, ndi mwezi waukulu kuposa yonse, ndipo imaposa Mercury kukula. Io, winanso mwa inayiyo, ili ndi mapiri ophulika mazana angapo, ndipo kumeneko mapiri amaphulika kwambiri kuposa malo ena alionse odziwika. Mungadabwe kuti moto ukuchokera kuti kutali ndi dzuwa choncho. Jupiter imaikoka mwamphamvu, miyezi inzake n'kumaikokanso, moti Io imafinyika n'kumasuka kosalekeza, ndipo kufinyikako kumasungunula miyala m'kati mwake. Kufinyika komweko, koma kocheperako, kumachitikanso ku Europa, mwezi winanso wa Jupiter. Pamwamba pa Europa ndi madzi oundana osalala, odzaza ming'alu, ndipo umboni ukusonyeza kuti pansi pake pali nyanja yamchere ya madzi ochuluka kuposa a m'nyanja zonse za padziko lapansi. Chombo cha Europa Clipper chinanyamuka mu Okutobala 2024 kukafufuza zimenezi, ndipo chikuyembekezeka kufika mu 2030.

Ku Saturn kuli Titan, mwezi wokhawo wokhala ndi mpweya wochindikala. Kumazizira madigiri pafupifupi 180 pansi pa ziro, moti madzi kumeneko ndi olimba ngati thanthwe. Komabe kumagwa mvula, kuli mitsinje ndi nyanja, kungoti si za madzi koma za methane ndi ethane. Kachombo ka Huygens katatera kumeneko pa 14 Januwale 2005, kanajambula chigwa chofiirira chodzaza ndi timiyala tobulungira, tosalala m'mbali ngati tokokoloka ndi mtsinje, ndipo timiyalato n'ta madzi oundana. Ku Saturn komweko kulinso Enceladus, kamwezi ka makilomita 500 okha m'mimba mwake, komwe kamapopera madzi mumlengalenga kudzera m'ming'alu ya kumwera kwake. Chombo cha Cassini chinadutsa m'madzi opoperedwawo n'kupezamo mchere ndi zinthu zina zimene zamoyo zimafunikira.

Triton, mwezi waukulu wa Neptune, umazungulira mobwerera m'mbuyo. Mukakumbukira yankho la mmene zonse zinayambira, mukhoza kuona tanthauzo lake: sunabadwire pamenepo, Neptune inachita kuugwira kuchokera ku Kuiper Belt.

Mikombero ya Saturn inapangidwa ndi chiyani?

Ndi tizidutswa tosawerengeka ta madzi oundana, tina ngati fumbi, tina taukulu wa nyumba, kalikonse kakuzungulira Saturn pakokha. Mikombero yowala ija ndi yotambalala makilomita pafupifupi 280,000 kuchokera mbali ina kufika ina, koma m'malo ambiri kuchindikala kwake ndi mamita makumi ochepa okha. Jupiter, Uranus ndi Neptune nazonso zili nayo, koma yakuda ndi yopyapyala.

Munthu angaime pa Jupiter?

Ayi, palibe nthaka. Mukamatsika, mpweya umangonka nuchindikala ndi kutentha mpaka kusanduka wamadzimadzi. Kachombo kamene chombo cha Galileo chinaponyamo mu Disembala 1995 kanatumiza uthenga kwa nthawi yosakwana ola limodzi. Banga lofiira limene limaoneka pazithunzi ndi chimphepo chachikulu kuposa dziko lapansi, ndipo akhala akuchiyang'anitsitsa kuyambira m'zaka za m'ma 1800.

Nyenyezi ikathothoka usiku imakagwera kuti?

Imeneyo si nyenyezi. Kawirikawiri ndi kamwala kochepa ngati mchenga kamene kalowa mumpweya wathu pa liwiro la makilomita 11 mpaka 72 pa sekondi, n'kupserera pamtunda wa makilomita pafupifupi 80 mpaka 100 m'mwamba. Mwala ukakhala waukulu, chidutswa chimatha kufika pansi. Chachikulu kwambiri chodziwika ndi Hoba cha ku Namibia, chachitsulo, cholemera matani pafupifupi 60.

Nyenyezi ya mchira ndi china. Ndi chibuma cha madzi oundana ndi fumbi, cha makilomita ochepa, chotsala kuchokera pa nthawi imene mapulaneti ankapangika. Chikayandikira dzuwa, madziwo amasanduka nthunzi n'kutuluka ndi fumbi, ndipo mchirawo umaloza kumbali yosiyana ndi dzuwa, ngakhale pamene chibumacho chikubwerera. Ya Halley imabwera pakatha zaka pafupifupi 76: inaoneka mu 1986 ndipo idzabweranso mu 2061. Fumbi limene zimasiya m'njira ndi limene limachititsa kuti masiku ena a chaka tione nyenyezi zambiri zikuthothoka, monga kumayambiriro kwa Meyi pamene dziko limadutsa m'fumbi la Halley.

Kodi chimwala chingadzawombe dziko lathu?

Zinachitikapo ndipo zidzachitikanso, koma zikuluzikulu ndi za patalipatali kwambiri. Zaka 66 miliyoni zapitazo chimwala cha makilomita pafupifupi 10 chinagwa ku Chicxulub, m'dziko limene pano ndi Mexico, ndipo mitundu yambiri ya zamoyo inatha, kuphatikizapo ma dinosaur. Pa 15 Febuluwale 2013 mwala wa mamita pafupifupi 20 unaphulika m'mwamba ku Chelyabinsk ku Russia, n'kuvulaza anthu pafupifupi 1,500, ambiri ndi magalasi a mawindo osweka.

Miyala yambiri ili pakati pa Mars ndi Jupiter, komwe kukoka kwa Jupiter kunalepheretsa kuti igwirane n'kukhala pulaneti. Imene imadutsa kufupi ndi ife akatswiri amaisaka n'kumaitsatira, ndipo palibe waukulu wodziwika umene uli panjira yotiwomba m'zaka 100 zikubwerazi. Mu Seputembala 2022 bungwe la NASA linawombetsa dala chombo cha DART pa mwala wa Dimorphos, ndipo nthawi imene mwalawo umatenga pozungulira unzake inafupika ndi mphindi zoposa 30. Izi zinatsimikizira kuti mwala ukaoneka padakali zaka zambiri, n'zotheka kuupatutsa.

Kodi kwinaku kuli zamoyo?

Mpaka pano palibe chamoyo chimene chapezeka kunja kwa dziko lapansi. Ku Mars kuli makwawa a mitsinje youma ndi matope akale a m'nyanja, umboni woti zaka mabiliyoni zapitazo kunkayenda madzi. Magalimoto opanda munthu a Curiosity, imene inatera mu 2012, ndi Perseverance, imene inatera mu 2021, akufufuza miyala ya kumeneko. Lero Mars ndi yozizira, youma, ndipo mpweya wake ndi wochepa moti munthu sangapume. Chimene asayansi akufuna si anthu kapena nyama, koma zizindikiro za tizilombo tosaoneka ndi maso. Malo ena amene akuwadalira ndi nyanja za Europa ndi Enceladus, zimene tafotokoza pa funso la miyezi.

Ulamuliro wa dzuwa umathera pati?

Zimadalira chimene mukuyeza. Mapulaneti amathera pa Neptune. Kupitirira apo kuli Kuiper Belt. Patsogolo pake pali malire pomwe mphepo ya tizinthu tochokera kudzuwa imagonja, ndipo chombo cha Voyager 1, chimene chinanyamuka mu 1977, chinadutsa malirewa mu 2012. Chili kutali moti uthenga wake umatenga pafupifupi tsiku lathunthu kuti ufike kuno, ngakhale umayenda pa liwiro la kuwala. Koma kukoka kwa dzuwa kumafika patali kuposa pamenepo, kudera limene asayansi amalitcha Oort Cloud, komwe amati nyenyezi za mchira zobwera patapita zaka masauzande zimachokera. Voyager 1, pa liwiro lake la makilomita 17 pa sekondi, idzatenga zaka pafupifupi 300 kuti ingofika poyambira dera limenelo.

Ndingaone chiyani popanda makina okwera mtengo?

Mapulaneti asanu amaoneka ndi maso okha: Mercury, Venus, Mars, Jupiter ndi Saturn. Afufuzeni motsatira njira imene dzuwa ndi mwezi zimadutsa kumwamba, chifukwa monga tanenera, onse ali pamzere umodzi. Venus ndi yowala kuposa nyenyezi iliyonse, Jupiter imabwera pambuyo pake, Mars ndi yofiirira. Mercury ndi yovuta chifukwa sichoka pafupi ndi dzuwa, imangooneka pansipansi dzuwa litangolowa kapena lisanatuluke.

Ngati muli ndi magalasi oonera patali aja a maso awiri, atsamiritseni pa chinthu chosagwedezeka n'kuloza Jupiter. Mudzaona timadontho mpaka tinayi tandandalika pambali pake, ndipo mawa lake tidzakhala titasinthana malo. Imeneyo ndi miyezi ya Galileo ija. Pamwezi wathu, zigwa ndi mapiri zimaoneka bwino ukakhala theka, m'malire a kuwala ndi mdima, osati ukakhala wathunthu. Mikombero ya Saturn imafuna telesikopu, ngakhale yaing'ono. Dzuwa lokha musaliyang'ane ndi magalasi amenewa kapena telesikopu, ngakhale pa kadamsana, chifukwa limawononga maso m'kanthawi kochepa ndipo sachira.